Fumbi la pa denga linaonekera pa laputopu

Ine ndine mmisiri woika sola. Masiku anga ambiri amathera pa denga la malata, sipanala ili m'thumba, mita yoyezera magetsi ikulendewera m'khosi. Laputopu ndinali nayo, koma ntchito yake inali yolembera makotesheni ndi kusungiramo zithunzi za ntchito zomwe ndagwira. Ndiye uthenga utabwera pa gulu lathu la amisiri pa WhatsApp, wonena kuti ku Lilongwe kukhala maphunziro a masiku ochepa ophunzitsa kulemba code, kutanthauza malangizo olembera kompyuta, yowerengera mphamvu zomwe mapanelo angatulutse, ambiri anangoudutsa. Wina analemba kuti, "Zimenezo n'za ana a ku yunivesite, ife tili ndi makasitomala otidikira."

Ine ndinalembetsa, chifukwa pali funso limene limandisowetsa mtendere pa ntchito iliyonse. Wa golosale amafunsa ngati firiji yake izigona ikuyaka mu Julayi. Mlimi wa mthirira amafunsa ngati pampu izidzaza thanki mu Okutobala tomato akamafuna madzi ambiri. Tonsefe timayankha ndi masamu amodzi omwewo: mawati a mapanelo, kuchulukitsa ndi maola asanu a dzuwa, kuchotsapo pang'ono. Masamuwa si abodza. Kungoti sadziwa kusiyana kwa Nchalo ndi Dedza, sadziwanso kusiyana kwa Juni ndi Novembala. Koma kasitomala sagula avareji ya chaka. Iye amafuna kudziwa za sabata imene chiperoni chakuta phiri ndipo dzuwa silikuoneka.

## Panalibe zokopera pa bolodi

Mphunzitsi wathu anali injiniya wachitsikana, wofatsa koma wosataya nthawi. Sanayambe ndi malamulo a sayansi. Anangoti aliyense atsegule Google Colab, tsamba la pa intaneti lolemberapo code, alembe mizere iwiri yoitanira pulogalamu yotchedwa pvlib, adine batani. Amene intaneti inkawavuta anapatsidwa fulashi yokhala ndi Python, chilankhulo cholembera code, ndi Jupyter, pulogalamu yoilemberamo, kuti azigwira ntchito popanda bando.

Pvlib ndi mtolo wa zida zowerengera za sola. Inayambira ku Sandia National Laboratories, ku New Mexico m'dziko la America, poyamba ili m'chilankhulo china cha code chotchedwa MATLAB, kenako anaisamutsira ku Python. Ndi yaulere, ndipo aliyense angathe kutsegula n'kuona masamu amene ali m'kati mwake. Chimenechi ndicho chinandikoka. Mapulogalamu ena owerengera sola amakupatsa yankho lokha, iwe n'kungovomera. Apa ukhoza kutsatira dzuwa kuchokera kumwamba mpaka pa waya wotuluka mu inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo kukhala a m'nyumba, sitepe ndi sitepe, ndipo pamene sukumvetsa umaima n'kusuzumira.

Ntchito yoyamba inali kuiuza kompyuta kumene tili. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa ikweta, ndiye nambalayo imayamba ndi chizindikiro chochotsera. Ukachiiwala, kompyuta imakuika ku Sudan, miyezi yako n'kutembenuka. Kenako nthawi: umalemba Africa/Blantyre, chifukwa ife tili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayezerapo nthawi, imenenso deta yambiri ya nyengo imabwera nayo. Mtsikana amene anakhala pambali panga anapeza kuti dzuwa lake likufika paliwombo 10 koloko m'mawa. Mphunzitsi sanamukonzere. Anangomufunsa kuti, "Achemwali, kwanu mthunzi wa munthu umafupika nthawi yanji?" Mtsikanayo anaseka, n'kubwerera pa mzere wa nthawi uja yekha.

Maphunziro onse anayenda choncho. Ulembe, uyendetse, uone chithunzi, udzifunse ngati chithunzicho chikugwirizana ndi dziko limene ukulidziwa.

## Kumpoto

Zitsanzo zambiri za code zimene zili pa intaneti zinalembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya, ndipo mapanelo awo amayang'ana kum'mwera. Mu pvlib mbali imene panelo ikuyang'ana imalembedwa ndi nambala: kumpoto ndi 0, kum'mawa ndi 90, kum'mwera ndi 180, ndipo ukapanda kusintha, nambala imene umaipeza kale ndi 180. Mmisiri aliyense wa kuno amadziwa kuti athu amayang'ana kumpoto. Chimene sindinkachiona bwinobwino n'chakuti nkhaniyi si yofanana chaka chonse.

Titajambula njira ya dzuwa ya miyezi yonse, zinaoneka poyera. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa chaka, kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi, masana limakhala litapendekera pang'ono kum'mwera. Mu Juni ndi pamene limatsikira kumpoto kwambiri. Ndiye kupendeketsa panelo kumpoto n'kusankha kuthandiza miyezi yozizira, n'kutayako pang'ono mu Disembala. Tinayesa madigiri 5, 15, 25, 35, aliyense akuona mizere ikukwera uku, kutsika uko. Pa chaka chonse kusiyana kwake sikunali kwakukulu monga ndinkaganizira. Pa mwezi wa Juni wokha ndi pamene kunaonekera. Kwa munthu wa mabatire, amene alibe waya wa magetsi a boma, mwezi umenewo ndiwo umalamula.

## Nambala ya kuseri kwa panelo

Panelo iliyonse ili ndi kapepala kuseri. Pakalembedwa 550 W, kasitomala amawerenga 550, ifenso timachulukitsa 550. Koma nambalayo imayezedwa ku fakitale, pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita, selo ya panelo ili pa madigiri 25. Ili ngati kulemera kwa chimanga choyezedwa chisanaume: sikelo sinaname, koma si zimene udzazipeze m'nkhokwe.

Pa denga la ku Chikwawa mu Okutobala, mphepo yokha imatha kupitirira madigiri 40, ndipo selo imene ili pa dzuwa imatentha kuposa mphepo ndi madigiri ena 25 kapena kuposerapo. Mphunzitsi anatiuza kuti tifufuze pa pepala la panelo nambala yaing'ono imene ambirife sitiiwerenga, yonena kuchuluka kwa mphamvu zotayika kutentha kukakwera. Pa mapanelo ambiri a masiku ano ili cha pa 0.35 peresenti pa digiri iliyonse. Selo ikafika pa 65, yapitirira 25 uja ndi madigiri 40, ndiye yataya 14 peresenti. Panelo ya 550 ikutulutsa cha m'ma 470, dzuwa likuswa mtengo, waya ndi inveta zisanadyepo zawo.

Zoti panelo yotentha imafooka ndinkazidziwa. N'chifukwa chake timasiya mpata pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa. Koma kuzidziwa m'mutu n'kosiyana ndi kusintha nambala imodzi ya liwiro la mphepo mu code, n'kuona mphamvu za ola lililonse la chaka zikusintha pamaso pako, maola onse 8,760. Mwera wa ku nyanja umene asodzi amauopa, panelo ya ku Nkhotakota imaukonda.

## Mizere iwiri pakhoma

Chimene chandipangitsa kulemba nkhaniyi chinachitika masana ena chakumapeto kwa maphunzirowo, titangodya nsima, ena tulo tikuwayendera m'maso.

Mphunzitsi anatipatsa fayilo ya deta yeniyeni, yochokera mu inveta ya pa denga la nyumba ina yosungiramo zokolola m'chigawo chapakati. Anasankha dala malo amene mphamvu zonse zimathera pompo masana, kuti pasakhale zoti inveta yadzibweza yokha chifukwa mabatire adzaza. Ntchito yathu inali kumanga modelo, kutanthauza chifaniziro cha masamu, ya denga lomwelo: malo ake, kupendekeka kwa mapanelo, mtundu wake, ndi nyengo ya chaka chomwecho yochokera ku PVGIS, nkhokwe ya deta ya dzuwa ya bungwe lofufuza la European Union, imene imawerengera kuwala kuchokera pa zithunzi za setilaiti. Kenako tijambule mizere iwiri pa chithunzi chimodzi. Wabuluu, zimene code ikunena kuti denga liyenera kutulutsa. Wofiira, zimene linatulutsadi.

Chithunzicho chitaoneka pakhoma, m'chipinda munati zii. Kuyambira Januwale mpaka Epulo mizere iwiriyo inkayendera limodzi, kukwera limodzi, kugwa limodzi pa masiku a mitambo. Zimenezo zokha zinandichititsa nthumanzi, kuona masamu amene ndalemba ndekha akutsata denga limene sindinalikwerepo. Koma cha mu Juni wofiira unayamba kutsalira. Pang'ono mu Julayi, mpata n'kumakula mu Ogasiti, mu Sepitembala. Pofika mu Okutobala panali phompho loti aliyense analiona ali kumbuyo kwa chipinda. Ndiye tsiku lina mu Novembala, wofiira uja unadumpha mwadzidzidzi n'kukakumananso ndi mnzake.

"Chachitika n'chiyani apa?" anafunsa mphunzitsi, n'kukhala pansi.

Anyamata a ku yunivesite anayamba. Wina anati ndi kutentha. Mphunzitsi anamukumbutsa kuti kutentha tinakuika kale mu modelo, ndipo mu Julayi kumazizira. Wina anati mapanelo akukalamba. Koma panelo imafooka ndi pafupifupi theka la peresenti pa chaka, ndipo yokalamba siitsitsimuka mu Novembala. Wina anati inveta ili ndi vuto, wina anati setilaiti yalephera kuona utsi wa moto wa tchire umene umaphimba thambo miyezi imeneyo. Yankho la utsili mphunzitsi analilemba pa bolodi, nati likhoza kukhala ndi gawo lake. Ena anayamba kutembenuza code kufunafuna pamene talakwitsa.

Pakona panakhala bambo wina wachikulire wa ku Kasungu, amene anayamba kuika sola kale, nthawi imene panelo imodzi inkayatsa mababu awiri ndi wailesi. Kulemba pa laputopu kunkamuvuta, ankadina ndi chala chimodzi, ndipo masiku onsewo sanalankhule zambiri. Anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, nyumba imeneyi ili m'mbali mwa msewu wafumbi?"

Mphunzitsi anati inde, msewu wa matilaki onyamula fodya ndi chimanga.

"Nanga mvula yoyamba chaka chimenecho inagwa liti? Taonani tsiku limene mzerewo wadumpha."

Tinaitanitsa deta ya mvula, n'kuijambula pansi pa mizere ija. Mvula yoyamba yamphamvu inagwera pa malo omwewo pamene wofiira unadumphira.

"Ndi fumbi limenelo," anatero bamboyo. "Palibe amene amakwera kukatsuka. Mvula ndi imene inawatsukira."

Anthu anaomba m'manja, koma ine ndinangokhala duu. Bamboyu sanawerenge mzere uliwonse wa code kuti apeze yankho. Analipeza chifukwa anapukutapo fumbi lofiira pa magalasi ndi chikhatho chake kwa zaka zambiri. Komanso kwa zaka zonsezo analibe njira yosonyezera mwini nyumba kuti fumbilo likumudyera ndalama zingati. Anyamata aja anali ndi chithunzi, tanthauzo lake analibe. Iye anali ndi tanthauzo, chithunzi analibe. Masana amenewo zinthu ziwirizi zinakumana m'chipinda chimodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti si kawirikawiri zimenezi zimachitika m'dziko muno.

## Fumbi la ku California si lathu

Zitatero mphunzitsi anatsegula gawo la pvlib lowerengera fumbi. Muli njira ina yotchedwa Kimber, yochokera pa kafukufuku wa mapanelo a ku California ndi madera oyandikana nako. Nambala zimene umazipeza kale m'menemo zimati panelo imataya 0.15 peresenti tsiku lililonse lopanda mvula, ndipo mvula yokwana mamilimita 6 imaitsuka. Tayesani kuchulukitsa. Kuno mvula ikasiya mu Epulo imatha kukhala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi osagwanso. Masiku 150 okha akukupatsani zoposa 22 peresenti.

Tsono yerekezani ndi PVWatts, chowerengera chaulere cha pa intaneti cha ku America chimene amisiri ena amachigwiritsa ntchito. Ukapanda kusintha kanthu, chimachotsera zotayika zonse pafupifupi 14 peresenti, ndipo gawo la fumbi m'menemo ndi 2 peresenti yokha. Kumene kumagwa mvula mwezi ndi mwezi, 2 ikhoza kukwana. Pa denga la pa Jenda kapena pa Kamwendo mu Sepitembala, nambala imeneyo ndi ya dziko lina.

Sindikunena kuti 0.15 ndiyo yoona kwa ife. Fumbi la m'mbali mwa msewu wa dothi si lofanana ndi la ku Area 47, ndipo denga la pafupi ndi chigayo lili ndi nkhani yakeyake, ufa ukasakanikirana ndi mame a m'mawa umamatirira. Chimene ndinaphunzira n'chakuti nambala iliyonse imene waipeza yoikidwa kale mu pulogalamu, munthu wina anaiyeza kwinakwake, pa nyengo ya kwawo. Code imakupatsa mwayi woifunsa kuti yachokera kuti, n'kuikapo yako.

## Kotesheni yanga tsopano

Ntchito yanga sinasinthe maonekedwe. Ndimakwerabe makwerero omwewo. Koma ndisanalembe mtengo, ndimakhala pansi madzulo n'kuyendetsa code yanga ya malo amenewo, ndipo kasitomala ndimamupatsa pepala la miyezi khumi ndi iwiri, osati nambala imodzi. Ndimamusonyeza mwezi wabwino ndi mwezi woipa. Wa pampu ndimamuuza kuti miyezi imene akufuna madzi ambiri ndi yomweyo imene mapanelo ake amakhala otentha ndi afumbi, ndiye ndowa ndi kansalu kofewa m'mawa dzuwa lisanatenthe zili m'gulu la zipangizo, sizoonjezera. Panelo sindiigonekanso chathyathyathya ngakhale denga litalola, chifukwa madigiri osachepera 10 amathandiza mvula kutsetsereka ndi dothi.

Ena akaona mwezi woipa uja amapita kwa mmisiri wina amene wawalonjeza nambala yokoma. Zimandipweteka, chifukwa ndalama ndimaifuna. Koma amene atsala sandiimbira foni mu Julayi ali ndi mkwiyo.

Ndiyeneranso kunena malire ake, chifukwa ndaona anzanga ena akuyamba kukhulupirira chithunzi kuposa maso awo. Setilaiti siona mtengo wa mango wa kwa aneba umene umagwetsa mthunzi 3 koloko masana. Siona zitosi za nkhunda, siona waya wopyapyala umene wina anagula kuti apulumutse ndalama. Deta ya chaka chongoyerekeza, imene ambiri amayambira, imaphatikiza miyezi ya zaka zosiyanasiyana kuti ipange chaka chapakatikati, ndiye sabata yoipitsitsa ya chiperoni ku Thyolo mwina simuipezamo. Wofuna kudziwa kukula kwa mabatire ayenera kuitanitsa zaka zingapo zenizeni n'kufufuza masiku a mdima otsatizana. Denga uyenera kulikwerabe.

## Amene anatsala pa gulu la WhatsApp

Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo anthu ambiri amene sankaganizako za sola anayamba kutifunafuna. Minda ikuluikulu ya mapanelo inabweranso: wa ku Salima wa mamegawati 60 umene unayamba ntchito mu 2021, ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake. Ntchito zazikulu ngati zimenezi siziyamba popanda akatswiri kuwerengera ola lililonse la chaka, chifukwa obwereketsa ndalama amafuna kuona manambala asanatulutse kanthu.

Nanga mayi amene wagulitsa mbuzi zake kuti agule mapanelo awiri ndi batire? Nanga kachipatala ka kumudzi kamene firiji yake ikusunga katemera? Ndalama zawo n'zochepa, koma kwa iwo ndi zonse zimene ali nazo. Masamu omwewo amene amateteza banki angathe kuwateteza iwonso, ndipo zida zake n'zaulere. Chosowa ndi munthu woziphunzitsa kwa amene amakweradi pa madenga.

M'chipinda muja amisiri a m'manja tinali ochepa kwambiri. Ambiri anali ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi. Sindikuwada, anatithandiza kwambiri pamene code inkakana. Koma ndikanakonda maphunziro oterewa akanamachitikira ku masukulu a ntchito zamanja ndi m'maboma, Loweruka, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, mmisiri aliyense atabwera ndi deta ya mu inveta ya kasitomala wake. Sipafunika kuti munthu akhale katswiri wa Python. Bambo wa ku Kasungu uja pofika tsiku lomaliza ankatha kusintha malo, kupendekeka ndi mtundu wa panelo mu code imene anapatsidwa, n'kuwerenga chithunzi chake. Zimenezo n'zokwanira kuyamba nazo.

Pakadali pano kuseri kwa nyumba yanga ndaikako mapanelo ang'onoang'ono awiri ofanana, oyang'ana mbali imodzi. Imodzi ndimaipukuta m'mawa uliwonse, inayo sindiikhudza mpaka mvula idzagwe. Masana ndimayeza karenti ya iliyonse ndi mita yanga n'kulemba m'kope, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndiyo nambala ya fumbi la kwathu kuno, imene ndidzaiike mu code m'malo mwa ya ku California ija. Ndapempha anzanga a ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Nchalo kuti achite chimodzimodzi chilimwe chino. Ngati ndinu mmisiri ndipo muli ndi mapanelo awiri ofanana amene akungokhala, yambani mvula ikangosiya, muzilemba tsiku, nthawi, ndi mtundu wa msewu umene uli pafupi ndi nyumba yanu.